Tsiku Limene Amayi Analawa Mankhwala Anga a M'maso

Kuseri kwa nyumba ina yaikulu ku Waterkloof, mu mzinda wa Pretoria, mukapitirira galaja ndi chingwe choyanikapo zovala, kunali kachipinda ka zenera limodzi. Ndikamakumbukira ubwana wanga ku Joni ndimayambira pamenepo, pa fungo la sopo wochapira ndi kapinga wongodulidwa kumene. Tinkakhalamo atatu. Abambo ankasamala maluwa a pa nyumbapo, Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba mwa a Madamu, ndipo ine Tadala ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndi diso limodzi logwira ntchito. Chinali chaka chija anthu ankaopa kuti 2000 ikangokwana makompyuta onse azima.

Diso linalo, lakumanzere, linali ndi ng'ala. Kadontho kakuda ka pakati pa diso, kamene timati kamwana ka m'diso, kwa ine kanali kotuwa ngati madzi otsukira mpunga. Ndikatseka lakumanja, dziko lonse linkasanduka utsi. Ndinkagunda zitseko ndi phewa lakumanzere, tiyi ndinkathira pambali pa kapu, ndipo anzanga a kusukulu anandipatsa dzina la Chisotho limene mpaka lero sindifuna kulilemba. Dokotala wa maso pachipatala chachikulu cha boma anauza Amayi kuti ng'alayo ichotsedwe ndisanakule, chifukwa diso la mwana likakhalitsa mumdima limaiwala ntchito yake, ndipo likaiwala ndiye kwatha. Tinalembetsa dzina sukulu zitangotsegulidwa mu Januwale. Tinadikira dzinja lonse la ku Pretoria, lija lozizira mpaka m'mafupa, kufikira mitengo ya jakaranda itachita maluwa. Ndi pamene anatipatsa tsiku la opaleshoni, Lachinayi, lomwenso linali tsiku lopuma la Amayi.

Lolemba la sabata imeneyo tinapita kukatenga mankhwala. Tinapeza sisitala, namwino wamkulu, wamtali, wa mawu ngati a msilikali, amene anatipatsa kabotolo kochepa ngati chala chachikulu cha Abambo, ka chivindikiro chofiira. Anafotokoza kuti ng'ala imakhala kuseri kwa kamwana ka m'diso, ndiye mankhwalawo ntchito yake ndi kutsegula kamwanako kuti kakule, dokotala apeze polowera. Dontho limodzi m'mawa, limodzi madzulo, diso lakumanzere lokha, mpaka m'mawa wa Lachinayi. Kenaka anawerama n'kuyang'ana Amayi m'maso. Anati ndikabwera kamwanako kasanatseguke, tibwerera kumchira kwa mzere. Lero ndimaganiza kuti mwina ankangotiopseza kuti tisachite ulesi, koma ife tinamva ngati lamulo la m'Baibulo. Amayi anakulunga kabotoloko mu hanki n'kukasunga pachifuwa.

Apa ndiyenera kukuuzani za Amayi anga. Anakulira ku Ntcheu, m'nyumba ya munthu wodziwa mitengo, ndipo kumeneko lamulo linali limodzi: wopereka mankhwala amayamba walawa yekha wodwalayo akuona. Amayi anabwera nalo lamulo limeneli mpaka ku Joni, sanalisiye pa boda. Mankhwala a chifuwa ankayamba iwo supuni imodzi. A njoka za m'mimba ankatafuna kachidutswa. Abambo ankawaseka kuti mu Pretoria monse mulibe mzimayi wathanzi ngati iwo, poti anamwa kale mankhwala a matenda onse amene sanadwalepo.

Ndiye titafika kunyumba masana amenewo, Amayi anakhala pa bedi n'kumakatembenuza kabotolo kaja. Ndinaona kuti akuganiza. Mankhwala a m'maso munthu amalawa bwanji? Anafika pa mfundo yoti chinthu cha m'diso chimalawidwa ndi diso. Anapendeketsa mutu, n'kudonthezera kumanzere. Anaphethira kangapo, anati kakuluma pang'ono, n'kudikira. Palibe chinachitika. Anaganiza kuti mwina aphonya, choncho anadonthezeranso kumanja.

Nthawi yomweyo Abambo analowa, matope ali m'mabuti, n'kupeza misozi ikutsika m'masaya mwa akazi awo.

"A Nambewe, kwagwanji?"

"Palibe. Ndikulawa mankhwala a mwanayu, koma sindikumva kanthu."

"Inu mungamve chiyani? Maso anu anakhwima ndi anyezi. Bweretsani kuno, mwanayu ndi wanganso."

Abambo anga sankadziwa kugwira ntchito mwatheka. Mpanda wa maluwa akauyamba ankaumaliza ngakhale mvula igwe. Anadonthezera maso onse awiri, napukuta ndi mkono wa ovololo, n'kunena kuti mankhwalawo ndi abwinobwino, mwana apatsidwe. Apo m'pamene dontho langa linagwa, ndipo aliyense anabwerera ku ntchito yake mtima uli m'malo.

Ola lisanathe, Amayi anandiitana. Anali ndi lichero la mpunga pamiyendo, akulitalikitsa ndi kuliyandikitsa. Anandifunsa ngati mpungawo ukuoneka bwinobwino kwa ine, chifukwa kwa iwo unali utasanduka phala. Ndisanayankhe tinamva "Mayo ine!" kuchokera ku dimba. Abambo anatulukira pakona ya galaja akuthamanga, chipewa chili kumaso, akuti dzuwa la lero lapenga. Atalowa m'chipinda n'kuchotsa chipewa, ndinawayang'ana, n'kuyang'ana Amayi, n'kuwayang'ananso. Maso awo onse anayi anali akuda bii, aakulu ngati a mphaka wobisala pansi pa bedi. Mbali ija ya bulauni inali itangotsala kamzere.

Ndinaseka mpaka kugwa pansi. Ndinaseka mpaka m'mimba kupweteka, miyendo ikumenya simenti. Amayi anafuna kundikalipira, koma atayang'ana Abambo anayamba nawonso. Chomwe chinatimaliza n'chakuti akatalikirana ankaonana bwinobwino, koma akayandikirana nkhope zinkasungunuka. Abambo ankabwerera m'mbuyo mpaka kukhoma n'kunena kuti, "Eya, ndinu a Nambewe," kenaka n'kuyandikira n'kufunsa kuti, "Nanga mayi awa ndi ayani?" Tinagona tikusekabe, tonse tikukhulupirira kuti kukacha zikhala zitatha.

Kutacha sizinathe. Abambo anatenga nyuzipepala yakale, anatambasula mkono mpaka pamene unathera, n'kunena kuti mkonowo wafupika. Tinasekanso pang'ono. Ndiye inakwana nthawi ya dontho langa la m'mawa. Ndinagona pamiyendo pa Amayi, iwo anatsegula kabotolo, n'kupeza kuti sakuona kamlomo ka botolo, sakuonanso diso langa. Dontho loyamba linagwa pa tsaya. Dontho lachiwiri pa nsidze. Dontho lachitatu, poti ndinatembenuka ndi kuseka, linalowa m'khutu. Abambo anati awapatse iwo, ndipo anafinya kabotoloko ndi dzanja lozolowera sizasi yodulira mpanda. Mankhwala anayenderera pamphumi panga mpaka m'tsitsi.

Anandipukuta msangamsanga, kenaka Amayi ananyamula kabotolo kuloza ku zenera. Sanathe kuona kanthu, choncho anandipatsa ine. Ndinayang'ana ndi diso langa lakumanja n'kuwauza zoona, kuti mankhwala atsala pansi penipeni. Kuseka kunathera pomwepo. Panali patatsala madontho asanu oti alowe m'diso opaleshoni isanafike, ndipo la m'mawa umenewo linali lisanalowe. Amayi anakhala pa bedi, manja ali pamiyendo. Sindinawaonepo akuchita mantha chotero, ndipo mantha awowo anandilowa nane. Kubwerera kuchipatala kunatanthauza kukaima pamaso pa sisitala uja ndi maso ngati amenewo, n'kumuuza kumene mankhwala a mwana apita. Amayi anati tikatero atichotsa pa mndandanda ngati anthu osasamala. Miyezi isanu ndi inayi yodikira inali m'kabotolo kamene kanali katatsala pang'ono kuuma.

Amene anapeza nzeru ndi Abambo, ndipo anaipeza mwangozi. Akudandaula kuti lero sameta ndevu poti pagalasi sakudziona, anaima n'kunena kuti m'nyumba muno muli diso limodzi lokha loona pafupi, ndipo mwini wake ndi uyu wagona apayu. Anandipatsa kagalasi kawo kometera. Ndinagonanso pamiyendo pa Amayi, kagalasi ndili nako m'manja, diso lakumanja likuyang'ana lakumanzere. Abambo anagwira chikope changa ndi zala zonunkha dothi. Amayi anatsamiritsa kachala kawo kakang'ono pa mphuno yanga kuti adziwe mtunda, ine n'kumawatsogolera.

"Kumanja, Amayi. Eish, ayi, kumanja kwanga! Bwererani. Tsikani pang'ono. Pomwepo, musasunthe!"

Dontho linagwa pakati penipeni pa diso, lozizira, loluma. Abambo anawomba m'manja. Amayi anayamba nthungululu, kenaka anakumbukira kuti a Madamu akadali m'nyumba, n'kuimalizira m'chitenje.

Kuyambira pamenepo ndinakhala mfumu. Kusukulu sindinapite masiku awiriwo. Ine amene ndinkagunda zitseko ndinali maso a banja lonse. Kapepala ka ntchito kamene a Madamu ankasiya pa fuliji ndinkawerenga ndine. Ulusi mu singano ndinkalowetsa ndine. Ndinkaloza manambala a pa simbi kuti Amayi asawotche bulauzi, ndinkafufuza madontho pa makolala a malaya, ndinkasankha miyala mu mpunga. Ku dimba ndinkayenda patsogolo pa Abambo ndikuloza kuti ichi ndi udzu, ichi ndi duwa, chifukwa m'mawa wa Lachiwiri anali atazula kale mzere wathunthu wa mbande za a Madamu, n'kuzibzalanso mwachangu, zina mizu m'mwamba.

Vuto lina linali kuwala. Abambo anakwera tekisi mpaka ku Arcadia, kwa Achimwene ena a ku Mangochi amene ankagulitsa magalasi a dzuwa pakona, n'kubwerako ndi atatu. Posankhapo sankaona bwino, ndiye awo anali a chizimayi, aakulu, okhala ndi timiyala tonyezimira m'mbali. Anawavala ndi ovololo ndi mabuti, n'kumathirira maluwa monyadira. Amayi ankakolopa m'nyumba atavala awo. A Madamu anawayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti chikuchitika n'chiyani. Amayi anayankha kuti mwana akuyenera kuvala magalasi sabata ino, ndiye makolo akumuperekeza kuti asachite manyazi. A Madamu anagwira pamtima, nati ndi chinthu chokongola kwambiri chimene anamvapo. Amayi atabwerera kuchipinda anaseka mpaka misozi, kenaka anapepesa kwa Mulungu.

Ndivomere kuti ufumuwo ndinayamba kuudyerera. Abambo akamathira shuga mu tiyi wanga ndinkawauza kuti supuni sinadzaze. Lachitatu, powerenga kapepala ka pa fuliji, ndinawonjezerapo mzere wanga woti mwana wa kuseri apatsidwe mabisiketi awiri a m'chitini cha buluu. Amayi sanatembenuke n'komwe. Anangoti maso alibe koma makutu ali nawo, ndipo ine ndikamanama mawu amakwera ngati a mbuzi. Komabe madzulo ake ndinapeza bisiketi imodzi pansi pa pilo.

Madontho a Lachiwiri madzulo ndi a Lachitatu analowa onse, palibe limene linatayika. Kamwana ka diso langa lakumanzere kanali katakula, ng'ala ija ikuonekera yonse ngati mwezi. M'mawa wa Lachinayi sindinadye kanthu, monga anatilamulira. Ndinagona pamiyendo pa Amayi komaliza, kagalasi m'manja. Amayi anatembenuza kabotolo n'kufinya. Sipanatuluke kanthu. Anakagwedeza, anakapaka m'manja kuti katenthe, n'kufinyanso. Pagalasi ndinaona kadontho kakutuluka pang'onopang'ono, kakulendewera pa kamlomo ngati kakuganiza kaye. Palibe amene anapuma. Kachala kaja ka Amayi kanali pa mphuno yanga. Ndinanong'ona kuti asunthe pang'ono kumanzere. Kadonthoko kanagwa, ndipo kanagwera m'diso.

Ulendo wa kuchipatala sindidzauiwala. Anthu atatu a magalasi akuda, wamng'ono ali patsogolo atagwira akuluakulu manja, tikuponda maluwa a jakaranda amene ankaphulika pansi pa nsapato kuti thu, thu. Msewu wonse unali wofiirira. Mu tekisi dalaivala anayang'ana magalasi a Abambo pagalasi lake, n'kufunsa mu Chizulu ngati ndife oimba. Abambo anati inde.

Sisitala uja anatilandira ndi katochi m'manja. Anandichotsa magalasi, anaunika diso langa, n'kugwedeza mutu mokhutira. Anati latseguka bwino kwambiri, mama mwagwira ntchito. Ndinamva Amayi akutulutsa mpweya umene anaugwira kuyambira Lachiwiri. Tikanangodutsa bwinobwino pakanapanda pepala loti kholo lisaine. Amayi analilandira, analitalikitsa, analitalikitsanso, mpaka mkono unatha. Sisitala anawayang'ana, n'kuwauza kuti avule magalasi. Anawaunika. Anatembenukira kwa Abambo, amene anali atayamba kuyang'ana kudenga, n'kuwauza kuti nawonso avule.

"Hawu, mama! Hawu, baba!"

Mayi wa mawu a msilikali uja anaseka mpaka kukhala pa mpando wa odwala, akupukuta misozi ndi chikhatho. Koma ine sindinaseke, chifukwa anapita kukaitana dokotala, ndipo ndinadziwa kuti tsopano atibweza. Dokotala sanaseke. Anaunika maso a makolo anga mosamala, anawafunsa ngati mutu ukupweteka kapena maso akuwawa. Anawauza kuti mankhwala amenewo ndi amphamvu, amakhala m'diso mpaka sabata ziwiri, kuti kwa anthu ena angathe kuwononga diso, ndipo akanayerekeza kulawa ndi lilime nkhani ikanakhala ina. Kenaka anafunsa Amayi chifukwa chimene anachitira zimenezo.

Amayi anaimirira mowongoka, maso akudawo ali pa dokotala, n'kuyankha m'Chingelezi chawo cha kukhitchini. Anati kwawo munthu saika m'thupi la mwana chinthu chimene iye sanachiyese, ndipo diso la mwana wawo latsala limodzi. Dokotala anati tsopano Amayi akudziwa zimene mwana akumva, koma asadzachitenso, akakayikira mankhwala azifunsa. Kenaka anandigwira pamutu n'kunena kuti tiyeni, diso ili lakonzeka. Sisitala anawerengera Amayi pepala lonse mokweza, n'kuwaikira chala pa mzere wosainapo.

Za opaleshoniyo ndikukumbukira zochepa: chovala chotsegula kumbuyo, magetsi ambiri kudenga, chophimba kumphuno chonunkha ngati labala. Ndinadzuka diso lili lomata ndi thonje, pakhosi pouma. M'mawa mwake dokotala anabwera kudzamatula. Kuwala kunandibaya, misozi inatuluka yokha. Amayi anali atawerama pafupi penipeni, mpweya wawo ukundifika pa tsaya. Ndinatseka diso lakumanja ndi dzanja kuti ndiyese latsopanolo, koma ndinangoona mtambo wa bulauni. Mtima wanga unagwa. Amayi nawo ankatsinzinira, akuti sakundiona bwino.

Dokotala anati tisadandaule, kagalasi kamene andiika m'diso kamaona bwino patali, za pafupi zidzabwera ndi magalasi ovala. Amayi atamva zimenezo anayamba kubwerera m'mbuyo, monga ankachitira Abambo posewera paja. Anapitirira bedi, anapitirira mpando, mpaka msana unagunda khoma la pafupi ndi chitseko. Pamenepo mtambo uja unayamba kuumbika. Sizinali zakuthwa ayi, koma ndinaona duku lachikasu. Ndinaona magalasi a dzuwa ali m'dzanja. Ndinaona maso awiri aakulu, akuda, onyowa.

"Amayi, ndakuonani. Ndi diso ili."

"Nanenso ndakuona, mwanawe."

Tinakhala choncho nthawi yaitali, wina pa bedi, wina kukhoma, wodi yonse ili pakati pathu, palibe wofuna kuyandikira. Ndinasangalala tsiku limenelo kuposa tsiku lina lililonse la ubwana wanga. Pambuyo pake panabwera magalasi, ndi miyezi yambiri yomata diso labwinolo kuti linzake liphunzire ntchito, koma linaphunzira. Maso a makolo anga anabwerera mwakale patatha masiku khumi ndi angapo. Magalasi a timiyala aja Abambo sanawataye, ankavalabe pothirira.

Zinthu zinasintha. Makolo anga anabwerera ku Ntcheu kalekale, ndipo masiku ano tikapatsidwa mankhwala timayamba tawafufuza pa foni tisanatsegule n'komwe. Chaka chatha ng'ala inawapeza Amayi nawonso, ya ukalamba, ndipo ndinawaperekeza ndine kuchipatala. Sanatipatse botolo lopita nalo kunyumba. Namwino amadonthezera yekha pomwepo, opaleshoni itatsala pang'ono, ndipo anatiuza kuti mankhwala ake sakhalitsa m'diso. Mtsikanayo anafika ndi kabotolo, n'kundipatsa kuti ndimugwirire kaye akusamba m'manja. Ndinakayang'ana, ndinawerenga dzina lake, ndinakatembenuza. Amayi sankaona kanthu ndi diso limenelo, koma anamva kuti ndakhala chete.

"Anamwino," anatero, "botololo musamusiyire uyu. Ndi mwana wanga, ndikumudziwa."

Namwino anaseka osadziwa chimene akuseka. Ine chivindikiro ndinali nditatsegula kale.